Kachitsamba ka Amayi M'chitini

Fungo la saka yonyowa limandibwezerabe ku Canongola, mumzinda wa Tete, chaka chimene tinatsika kuchokera ku Tsangano. Abambo anali atapeza malo ogulitsira mbatatesi pamsika, ife n'kuwatsatira. Amayi anafika atafungatira chitini cha mafuta ophikira, m'menemo muli kachitsamba kamene anakazula m'mbali mwa kamtsinje kwathu, pamthunzi pamene ankachapira ndi abale awo. Kanali ndi timasamba tating'ono tozungulira, pa timapesi topyapyala ngati ulusi, ndipo kamphepo kakangodutsa kankanjenjemera konse. Maluwa ake nawo, abale inu, tindevu tobiriwira basi, toti sungapatse munthu.

Dzuwa la ku Tete silinyengerera mlendo. Pofika mwezi wotentha wa Outubro denga la malata linkathetheka pamwamba pathu, mchenga unkawotcha mapazi, mbuzi zili wefuwefu pansi pa mtengo wa masawu. Amayi anaika chitinicho kuseri kwa mtsuko wa madzi akumwa, nachikulunga ndi saka monga timachitira ndi mtsuko kuti uzizire. Madzi otsukira mpunga, otsala posamba, onse ankathera pa sakayo, mpaka khonde lonse linkanunkha chinyezi.

Dona Fina, mayi wa Chinyungwe woyandikana nafe, ankaseka mpaka kugwira m'mimba. "Inu a kumapiri, udzu mukuulera ngati khanda?"

"Kakazolowera kuno, nanenso ndizolowera," anayankha Amayi, maso ali pa chitini. Ine ndinaseka nawo limodzi a Dona Fina.

Mvula inachedwa. Timasamba tinayamba kupsa m'mphepete, kenako kuyoyoka, mpaka panatsala timapesi touma. Amayi sanalire ayi. Anakhuthula dothi lakuda lija kuseri kwa nyumba, natsuka chitini bwinobwino n'kundipatsa. Chimwemwe chake! Ndinachiboola, n'kuchiika mateyala a zitsekerero za mabotolo, ndipo anzanga onse anachita nsanje ndi galimoto langa.

Mitambo itayamba kuda, Amayi anati akupita kumudzi kukadzala chimanga. Anadzala, anapalira, anakolola, koma ku Tete sanabwerenso kudzakhala. Ine ndinakulira kwa Abambo, Amayi n'kumawaona pa tchuthi chokha.

Nthawi imeneyo ndinkangoti Amayi andipatsa choseweretsa. Lero ndikudziwa kuti ankanditsanzika, ndipo zimandiwawa kuti ndinangolandira chitinicho n'kuthamangira kunja osatembenuka n'komwe.