Bwalo Lathu Analisamutsira Kosafika Basi

Kwathu ku Zomba sindinalowepo m'bwalo la mpira. Amene anandiphunzitsa kuchemerera timu ndi mayi wina wachikulire wa konkuno ku Glasgow, amene tinamupeza titasamukira ku Springburn. M'nyumba zosanjikizana zija ife tinali pamwamba, iwo pansi, makwerero amodzi. Anali amasiye, aafupi, oyendera ndodo chifukwa cha bondo. Amuna awo anagwira ntchito kufakitale ya masitima mpaka tsiku limene inatsekedwa. Pakhomo pathu tinkangowatchula kuti amayi apansi.

Loweruka lina anandipeza pamakwerero nditanyamula zochapa, nkhope ili khuma, ndikulakalaka kwathu.

"Mwanawe, masana ano ukutani?"

"Palibe, amayi. Kuchapa basi."

"Zovala sizithawa. Kavale jekete, udzandigwire mkono."

Tinayenda pang'onopang'ono, motsatira ndodo yawo, koma kotala ya ola isanakwane tinali titafika. Bwalolo linali pakati penipeni pa nyumba za anthu, kuseri kwa shopu ya nsomba ndi tchipisi. Linali lakale, denga lake la malata linkadontha, ndipo mvula ikagwa mbali imodzi ya kapinga inkasanduka dambo. Timu yake inali ya m'ligi yam'munsi. Osewera ankalandira kangachepe, ndipo m'kati mwa sabata wina anali womanga nyumba, wina woyendetsa vani. Koma anthu ankadzaza. Munkapezamo bambo wochokera kokameta tsitsi, mayi atanyamula jumbo ya zogula, madala a zipewa zaubweya, atsikana akukankha ngolo za makanda. Ambiri sankakonzekera n'komwe kubwera. Ankamva phokoso la chigoli ali kukhitchini kwawo, n'kuzimitsa moto, n'kuthamangira kugeti, pakuti theka loyamba likatha ankalitsegula kuti aliyense alowe.

Amayi apansi anali ndi malo awo, pafupi ndi mzati wachitatu. Anaimapo ali mtsikana ndi bambo awo, anaimapo ndi amuna awo, tsopano ankaimapo ndi ine. Anandigulira sikafu ya timu. Anandiphunzitsa mawu okalipira woimbira amene sindingawabwereze kutchalitchi. Pa zaka zisanu ndi chimodzi sitinajombe kupitirira kanayi kapena kasanu, ndipo anthu a m'dera lathu ambiri ndinawadziwira pamzati umenewo.

Kenaka kunabwera wapampando watsopano wa komiti, bambo wamabizinesi amene ankakhala kunja kwa mzinda. Anaitanitsa msonkhano m'holo ya timu, natiwonetsa zithunzi pakhoma. Anati bwalo lakale aligulitsa kwa omanga nyumba, ndipo timu ipita kubwalo latsopano m'mphepete mwa msewu waukulu: mipando yapulasitiki yowala, kapinga wosafuna kuthirira, magetsi amphamvu, ndiponso malo aakulu oimika magalimoto. Malo oimika magalimoto amenewa anawatchula mobwerezabwereza ngati vesi yoloweza.

Amayi apansi anaimirira, atatsamira ndodo.

"Bambo, kumeneko basi imafika?"

"Mayi, pagalimoto ndi mphindi makumi awiri zokha."

"Sindinafunse za galimoto. Ndafunsa basi."

Wapampando anamwetulira kumwetulira kumene munthu amamwetulira mwana akafunsa zopusa. "Masiku ano banja lililonse lili ndi galimoto. Timu ikufunika mabanja, ikufunika tsogolo."

Ndinayang'ana m'holo muja. Theka la anthu linali la okalamba amene ankakwera basi ndi khadi yaulere. Ena anali anyamata osagwira ntchito, ena azimayi olera okha ana. Ndinakweza mkono, ngakhale sindinali nditalankhulapo pagulu la azungu okhaokha. Ndinati, "Pepani, tawerengani manja. Amene abwera kuno pagalimoto usiku uno akweze." Anakweza anthu ochepa, ambiri a iwo a patebulo la komiti pomwepo. M'holo munamveka kuseka, koma wapampando anangoti nkhaniyi ithetsedwa ndi voti.

Votiyo anaichititsa pa intaneti. Ine ntchito yanga ndi ya makompyuta, ndiye ndikudziwa bwino chimene munthu amafuna akauza nkhalamba za foni yamabatani kuti zivote pa intaneti. Ndinayenda khomo ndi khomo ndi laputopu yanga, ndinathandiza amene ndinawapeza, koma ambiri analibe ngakhale imelo yolandirira nambala yovotera. Sabata isanathe anatiuza kuti mamembala avomereza.

Masewero oyamba kubwalo latsopano anali m'mwezi wa Ogasiti. Galimoto yathu inali ndi amuna anga, amene Loweruka ankagwira ntchito mpaka masana. Amayi apansi anati tipita ndithu, wapampando asaganize kuti tagonja. Tinanyamuka nthawi yabwino. Tinakwera basi kupita m'tauni, tinakwera ina yachiwiri imene Loweruka imayenda kamodzi pa ola, ndipo inatitsitsa pafupi ndi nyumba zosungiramo katundu, zonse zotseka. Bwalo tinkaliona apo, mizati ya magetsi ili njo, koma pakati pathu ndi ilo panali msewu waukulu wa magalimoto othamanga ndi mpanda wawaya. Pafoni panga mapu ankati tizungulire kumlatho. Mvula inayamba. Njira ya oyenda pansi inathera panjira, tinayamba kuponda m'maudzu, malole akutithira madzi.

Pakati pa chitunda cha kumlatho amayi apansi anaima. Sanadandaule. Anangogwira waya wa mpanda ndi dzanja limodzi, mutu atawerama, akupuma movutika. Ndinavula sikafu yanga n'kuwapukuta kumaso.

"Tibwerere, amayi."

"Tibwerere kuti? Basi yobwerera ndi ola lathunthu. Tiye."

Tinalowa theka loyamba litatsala pang'ono kutha. Pageti panalibe munthu wotidziwa, panali makina ofuna tiketi ya pafoni. M'kati munali mokongola, sindinganame. Koma mipando yowala ija inali mbee, anthu atamwazikana apa awiri apo atatu, moti mawu a goloboyi akuitana anzake ankamveka ngati ali pambali panu. Timu inagoletsa. Tinawomba m'manja, phokoso lake n'kutengedwa ndi mphepo kupita kumsewu. Kunja kuja kunalibe zenera la munthu aliyense woti amve.

Pobwerera ndinaitana takisi. Amayi anagona masiku atatu ndi chifuwa.

Mwezi wotsatira kunabwera kapepala ka timu, ndipo patsamba loyamba wapampando analemba zimene mpaka lero zimanditentha pamtima. Anati wakhumudwa ndi ochemerera a m'dera lathu, amene amakonda timu pakamwa pokha. Anati wokonda timu weniweni amaitsatira kulikonse. Amayi apansi anandiwerengera mokweza ali pampando, magalasi ali pamphuno, kenaka anakapinda kapepalako bwinobwino n'kukaika pansi pa kapu ya tiyi.

"Zaka zonsezi," anatero, "kodi ndinkakonda pakamwa?"

Ndinakwera makwerero kubwerera kwathu. Munthu watenga chinthu pakhomo pa anthu, wakachiika kumene miyendo yawo singafike, kenaka akuwanyoza kuti sabwera! Ndinawauza amuna anga kuti ngati sitichitapo kanthu ndiphulika.

Mpingo wathu, umene muli Amalawi angapo, uli ndi minibasi yonyamula okalamba Lamulungu. Amuna anga ndiwo amaiyendetsa. Anakapempha kwa akulu ampingo, ndipo atakambirana anavomera kuti tiziitenga Loweruka ngati palibe ukwati kapena ulendo wa kwaya. Amuna anga anasinthana mashifiti ndi mnzawo. Kuyambira pamenepo, tsiku la masewero tinkaima pashopu ya nsomba ija n'kunyamula anthu khumi ndi anayi. Ofuna kukwera anali ochuluka kuposa mipando, moti ndinkalemba mayina kuti azisinthana, ndipo Loweruka lililonse ndinkasiya anthu ataima pamsewu atavala masikafu awo. Panjira tinkadutsa pabwalo lakale, pamene tsopano panali mpanda wamatabwa ndi makina okumba. Tikafika pamenepo aliyense ankasuzumira pazenera.

Tsiku lina tikutsitsa anthu, wapampando anatulukira ndi munthu wa kamera. Anatipatsa moni mwansangala, anagwira chanza amuna anga, anaima pakhomo la minibasi atakoleka mkono paphewa la mdala wina. Ife tinkayesa kuti mwina wazindikira kulakwa kwake. Sabata yotsatira chithunzicho chinatuluka m'kapepala ka timu, pansi pake atalemba kuti komiti yakonza mayendedwe a ochemerera okalamba pogwirizana ndi anthu a m'dera. Dzina la mpingo lolembedwa pambali pa minibasi analidula pachithunzipo.

Loweruka lotsatira ndinamupeza ataima pakhomo la chipinda cha alendo olemekezeka, kapu ili m'manja.

"Bambo, komiti yanu yakonza mayendedwe ati?"

"Aa, mayi wa minibasi! Musadandaule, ndi kalembedwe chabe. Tonse tikuthandiza timu imodzi."

"Ife sitikuthandiza timu. Tikukonza zimene mwawononga inu. Ngati komiti ikufuna kutchuka ndi basi, ipeze basi yake, yaikulu, yoti anthu onse amene timawasiya pamsewu akwere."

Anati aziganizira. Anati anthu azolowera, nkhani ndi nthawi. Ndinamufunsa ngati anayesapo kubwera kuno pabasi ngakhale kamodzi, mvula ikugwa. Anayang'ana wotchi yake, nati masewero ayamba.

Basi yaikuluyo sinabwere. Ife tinapitiriza mpaka nyengo ya mpira itatha, koma zinthu zoterezi sizikhalitsa zikakhala pamapewa a banja limodzi. Maukwati anachuluka, kwaya inali ndi maulendo ake, mnzawo wa amuna anga anatopa ndi kusinthana mashifiti. Ndipo amayi apansi okha ndiwo anati basi.

"Mwanawe, usavutikenso ndi ine," anatero tsiku lina titakhala kukhitchini kwawo. "Kale ndinkapita kumpira. Tsopano ndimachita kunyamulidwa ngati katundu wa kuchipatala. Ndikakhala pampando uja ndimayang'ana uku ndi uku, sindikudziwa kumene ndili."

Ndinayesa kuwanyengerera, anakana. Nanenso ndinasiya kupita.

Patapita miyezi, mdala wina wa m'minibasi muja anatiuza kuti kupaki ya khonsolo, kumtunda kwa msewu wathu, kumasewera timu ya atsikana Loweruka masana. Kulibe mipando, kulibe denga, chingwe chokha chozungulira bwalo. Tinapita. Tinapezako nkhope zimene sitinazione chisamukire timu: wometa tsitsi, mayi wa kushopu ya nsomba, madala a zipewa aja. Atsikanawo, amene anazolowera kuoneredwa ndi makolo awo okha, ankatiyang'ana modabwa. Masiku ano amayi apansi amapita ndi kampando kopinda, ndipo woimbira wa kumeneko wayamba kale kuwaopa.

Timu yathu yakale ikadali kumsewu waukulu kuja. Ndimamva kuti mbali imodzi ya mipando anaiphimba ndi nsalu ya otsatsa malonda kuti isamaoneke kuti mulibe anthu. Wapampando uja anatula pansi udindo, nati wachita mbali yake, ndipo anamupatsa mphatso pomutsanzika. Pabwalo lakale pali nyumba zatsopano za njerwa zofiira. Ndimadutsapo m'mawa uliwonse popita kokwerera sitima, ndipo mkwiyo wanga sunaphwe. Anthu a kutchalitchi amati ndikhululuke. Ndawauza kuti ndikhululuka akadzabwera munthuyo pabasi ziwiri zija kudzapepesa.