Kufukiza Mbewa ya Pakhosi

Achimwene anga a Jameson anakwera ndege kubwera kuno kwa azungu ndi chuma chimodzi chokha, mawu awo. Pa zina zonse anali munthu wamba. Ankanyamula makatoni kuweyahausi, nyumba yosungiramo katundu kunja kwa Leicester, ankagona m'kachipinda ka lendi ku Spinney Hill, ndipo mkazi anawathawa kalekale. Koma likafika Loweruka, Amalawi onse kuyambira ku Derby mpaka ku Nottingham ankawalimbirana. Ukwati, chinkhoswe, ngakhale maliro, woyendetsa mwambo anali a Jameson. Anali ndi kachizolowezi kawo: asanayankhule ankayamba auzira maiki kawiri, fuu, fuu, anthu n'kuyamba kuseka asanamve n'komwe nthabwala.

Ine ndine Nellie, mlongo wawo wamng'ono. Ndimasamalira okalamba ku Normanton, mumzinda wa Derby, ndipo amene amandidziwa amati pakamwa panga palibe chitseko. Nkhani ya fodya amene achimwene ankasuta ndinakangana nawo mpaka malovu kuuma. Iwo yankho linali lomwelomwelo: “Nellie, agogo ankasuta chingambwe, koma anafa ndi njinga.”

Mu 2018 mawu aja anayamba kusasa. Ankati n'chimfine cha kuno. Chimfine chanji chodutsa chilimwe chonse? Pamene ndinawakokera kuchipatala, anapezeka ndi khansa pakholingo. Madokotala sanabise. Anati ayamba ndi kuwotcha chotupacho ndi cheza, ndipo zikatheka mawu atsala. Zikakanika achotsa kholingo lonse, mawu n'kupitira limodzi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tiyanjana, anali atalengeza ukwati wa chaka chotsatira. Achimwene anatulutsa paketi ya fodya m'thumba n'kuiponya m'bini pakhomo pa chipatala ine ndikuona.

“Maukwati a eni ndayendetsa osawerengeka,” anatero. “Wa mwana wanga ndikakhale duu ngati mlendo? Ayi.”

Asanayambe kuwawotcha anawapempha kuti alowe nawo m'kafukufuku. Anawabaya jakisoni wa mankhwala amene amakakamira pamene mpweya sukufika bwino, anawadikiritsa, kenako n'kuwalowetsa m'makina ojambula aja okhala ngati mgolo. Tsiku lokamva zotsatira ine ndinali pa shifiti. Foni inalira ndikusintha zofunda za gogo wina.

“Nellie, imba nthungululu! Adokotala akuti chinthu chija chilibe mpweya. Ndachiona ndi maso angawa, pakati pake pakuwala mbee, akuti pamenepo mpweya sukufika. Chikubanika!”

Kwathu tikati munthu mpweya watha, ndiye kuti yambani kutulutsa mipando m'nyumba. Chopanda mpweya n'chakufa, ngakhale mwana amadziwa. Ndiye nthungululu ndinaimbadi, gogo uja mpaka anadzidzimuka. Lamlungu achimwene anakaimirira kutchalitchi n'kuchitira umboni ndi mawu awo osasawo, mpingo wonse m'manja phwaphwaphwa. Mumpingomo munali manesi angapo, koma ndani angaimitse munthu pakati pa umboni n'kumufunsa kuti adokotala ananena chiyani kwenikweni?

Chithandizo chinayamba. Tsiku lililonse ankakwera basi, n'kukagona pabedi atawavundikira chigoba chapulasitiki kumaso kuti mutu usagwedezeke. Pafoni ankaseka kuti azungu awalowetsa gule atakalamba. Ine ntchito inandipanikiza, ndinkangowatumizira phala ndi supu kudzera mwa anthu. Nditapeza mpata wopita ku Leicester, n'kuti kutatsala pang'ono kuti amalize.

Ndinayamba ndalowa m'golosale ya a Essop, pakona pa msewu wawo. A Essop ndi Mmwenye wobadwira ku Limbe, Chichewa chawo chimaposa cha ana athu. Atandiona anasiya kasitomala n'kundiitanira pambali.

“Achemwali, ine fodya sindimukaniza munthu, ndi malonda. Koma achimwene anu akugula kuposa kale, khosi lili lopsa chonchija. Ndikawafunsa akuti ndi mankhwala. Mankhwala anji amenewo?”

Zimene ndinabwera kudzagula ndinazisiya pakauntala. Achimwene ndinawapeza kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mabini, atavala jekete ziwiri. Ankakoka utsi n'kuusunga pakhosi, masaya tu, misozi ikutsika ndi ululu, kenako n'kuutulutsa pang'onopang'ono.

“Achimwene! Mwapenga kodi?”

Sanachite n'komwe manyazi. Anandiyang'ana ngati wopusa ndine. “Iwe unakulira m'khichini, sudziwa. Mbewa ikakana kutuluka kuuna timatani? Timafukiza. Chinthuchi chikubanika kale, ine ndikungochimalizitsa. Azungu awotche kunja, ine ndifukize m'kati.”

Ali mnyamata ku Mitundu, pa zosaka mbewa panalibe wowaposa. Nzeru imeneyo ndi imene anaisunga zaka zonsezi n'kudzaitulutsira pakhosi pawo. Sindine dokotala, koma ndinadziwa kuti palibe chipatala chimene chingauze munthu kuti asute.

M'mawa mwake ndinakwera nawo basi. Titafika ndinafunsa nesi wa kafukufuku uja, mayi wina wofatsa dzina lake Zarina, ndipo ndinamuuza zonse, za mbewa zomwe. Anakhala pansi, nkhope itagwa. Anafotokoza pang'onopang'ono, ine n'kumabwereza m'Chichewa kuti pasakhalenso kothawira. Anati cheza chija chimagwira bwino ntchito pamene pali mpweya, monga moto. Khansa yosowa mpweya siifa ayi, imangouma mutu, cheza n'kumailephera. Malo owala pachithunzi paja sanali malo amene chotupa chikufa. Anali malo ovuta kupha. Ndipo utsi wa fodya umachepetsanso mpweya umene magazi amanyamula.

Achimwene anafunsa m'Chizungu chawo chaulemu chija. “Ndiye kuti ndimachitchinjiriza?”

Zarina anangowagwira dzanja.

Akuti dokotala ananena zonsezi tsiku lomva zotsatira lija. Mwina ananenadi, mothamanga, maso ali pakompyuta, kunja kuli mzere wa odwala. Akuti anafunsanso ngati pali funso. Funso lichokera kuti kwa munthu amene wangomva kuti mdani wake alibe mpweya? Makutu anatsekera pomwepo, chimwemwe chitawagonthetsa. Komanso a Jameson, woyendetsa miyambo m'zilankhulo ziwiri, akanavomera pamaso pa mzungu kuti sanamvetse? Makina odula chotero anatha kuona kadontho kobisika m'kati mwa khosi, koma panalibe anaona kuti munthuyo watuluka m'chipindamo akumwetulira pa nkhani yoipa. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero, ndipo sindinakhululukire aliyense, achimwene omwe.

Fodya anasiya tsiku lomwelo, ulendo uno zenizeni. Anamaliza chithandizo, mawu anabwererako pang'ono, ndipo anayamba kuyeserera zokanena paukwati akutsuka mbale. Chisanu chisanathe, kumeza kunayambanso kuvuta. Chinthu chija chinali chitabwerera. Ndinafunsa dokotala maso ndi maso ngati ndi fodya uja. Anati palibe angadziwe, mwina chinali chouma mutu kale. Yankho lotero silitonthoza munthu, limangomusiya akudzizenga mlandu yekha. Anawachita opaleshoni, anachotsa kholingo, n'kuwasiyira bowo pakhosi lopumira. Analiphimba ndi kansalu koyera. Madokotala anati pali kachipangizo kamene adzaphunzire kuyankhulira, koma bala linachedwa kupola.

Ukwati unachitika mu Ogasiti 2019, muholo ina ku Belgrave. Tiyanjana anafuna kuusuntha, bambo ake anakana ndi mutu mwamphamvu. Mwambo anayendetsa a Jonas, mnzawo wa ku Zambia, amene kwa zaka zambiri ankangowanyamulira zingwe za masipika. Ndinawachenjeza a Jonas kuseri kuti gawo la mawu a bambo alidumphe, ndiyankhula ine. Anavomera. Koma mwambo utatentha, nyimbo zili pakamwa, munthu uja anaiwala.

“Manje timveko mawu kuchokera kwa atate ake a mkwatibwi, a Jameson!”

Anazindikira mawu atatuluka kale. Anaima ngati chitsa, maiki ili m'manja. Ine ndinadzuka kuti ndikailande, koma achimwene anali ataimirira kale, suti yawo yabuluu ikulendewera m'mapewa. Anatambasula dzanja, a Jonas n'kuwapatsa. Holo yonse inatembenukira kwa iwo. Tiyanjana anagwira pakamwa.

Anaikweza maiki ija mwaukatswiri monga kale, n'kuiyandikiza pamilomo. Ena kumbuyo anayamba kumwetulira, akudikira fuu, fuu uja. Achimwene anatukula mapewa, anasongola milomo, n'kuuzira.

Masipika sanatulutse kanthu. Chimene chinagwedezeka ndi kansalu ka pakhosi kaja, kawiri.