Chipinda cha Dulce ku Matundo

Amene anganene kuti amayi Páscoa a ku Fonte Boa ndi opusa, abwere adzanenere poyera. Mayi amene anabwerako kothawira ku Malawi nkhondo itatha ali kamtsikana kopanda nsapato, n'kudzamangitsa nyumba yamalata ndi khasu lokha mwamuna atamwalira, wopusa ameneyo? Chimene chinawapweteka n'chakuti anapita mumzinda atanyamula ulemu wakwathu.

Mwana wawo Dulce anapeza malo kusukulu ya unamwino ku Tete. Kogona ophunzira kunali kutadzaza, ndiye panafunika chipinda cha renda, apo ayi sukulu yapita. Amayi anakwera kaminibasi kaja timati chapa pa Ulongwe atavala majuzi awiri monga mwa masiku onse, poti kwathu n'kozizira, n'kukatsikira m'ng'anjo ya Tete muja thukuta lili kamukamu, thumba la kachewere pamutu.

Mitengo yake, abale inu! Pafupi ndi sukulu chipinda chimodzi metikali zikwi zisanu pamwezi, madzi ndi magetsi padera. Kanyumba kakuseri kwa bwana zikwi zisanu ndi zitatu. Ku Chingodzi anawaonetsa cha zikwi ziwiri, chopanda zenera, chimbudzi chimodzi mpanda wonse. Ngakhale nkhumba yakwathu ikanakana kugonamo.

Mwayi unaoneka ku Matundo, kutsidya kwa mlatho, kwa a Edmundo. Zikwi zitatu, mpope pabwalo, mtengo wa masawu woponya mthunzi padenga. Amayi anagwedeza chitseko kawiri, poti mwana wamkazi amafuna chitseko cholimba, ndipo mtima unakhala pansi.

"Miyezi itatu pamodzi, mama," anatero a Edmundo. "Kuno timatero."

"Ndalama ili m'munda, bambo. Ndikakumbe, ndigulitse, mwezi usanathe ndabwera."

Tsono kwathu ukafuna kubwereka dimba, umasiya kanthu m'manja mwa mwiniwake pamaso pa mboni. Akalandira, wadzimanga, sangapatsenso wina. Amayi anaitana mayi wogulitsa tomato pageti kuti aone, anagwada, napereka thumba lija.

"Aaa, batata ya ku Angónia! Mulungu akudalitseni, mama."

Anabwerera kumudzi akuimba. Kachewere anamukumba khungu lisanakhwime, ndipo ogula a ku Kalomwe ataona kuti munthu ali pachangu, anamudula mtengo mopanda manyazi. Amayi sanadandaule. Anagula matilesi ndi ndowa, nakweranso chapa, Dulce ali pambali.

Anapeza pazenera la chipinda chija pali katani wachilendo, pakhomo jombo zakuda ndi malasha.

"Walowa mnyamata wa kumigodi ya ku Moatize," anatero a Edmundo akutokosa m'mano. "Walipiriratu theka la chaka."

"Koma bambo, thumba munalandira!"

"Ndimayesa mphatso. Pali pamene tinalemberana? Koma inali yokoma, ana anakazinga mpaka kunyambita mbale."

Amayi anathamangira kwa mboni yawo. Mayi wa tomato sanadzutse n'komwe mutu.

"Ine ndinangoona mbatata, mayi. Za nyumba sindilowerera."

Amayi Páscoa, amene sanatukwanepo ngakhale mbuzi yolowa m'munda, anakuwa mpaka mawu kusasa. Anthu anatuluka kudzaonerera, wina n'kumaseka majuzi aja. Kuseka! Mayi akulirira tsogolo la mwana wake, inu mukuseka juzi?

Anayambanso kuzungulira, matilesi pamutu pa Dulce. Sukulu zinali zikutsegulidwa, zipinda zotsika mtengo zonse zitapita, ngakhale chopanda zenera chija. Zotsala zinali za zikwi zisanu ndi chimodzi, ndipo ndalama ya m'chitenje sikanafika miyezi iwiri. Bambo wina wamimba yake anamuyang'ana Dulce kuyambira kumapazi, nati, "Uyu atha kukhala kwaulere, azingondiphikira." Amayi anamugwira mwana padzanja, namukoka ngati akumuchotsa pamoto.

Pamthunzi wa sitolo ina, Dulce anatsitsa matilesi, nawapukuta amake kumaso ndi nsonga ya chitenje.

"Amayi, tiyeni kwathu. Ndidzayesanso chaka chamawa."

Chaka chamawacho feteleza anakwera mtengo, mvula inadula, malo aja akusukulu anapatsidwa wina. Dulce lero amalima pambali pa amake. Anthu a m'mudzi anali atayamba kale kumuitana "a enfermeira", kutanthauza anamwino, asanapite n'komwe, ndipo dzinalo linakanirira. Sanena mwachipongwe ayi, anangozolowera. Akamadutsa panjira n'kufuula, "Mwaswera bwanji a enfermeira?" Dulce amayankha bwinobwino. Amayi ndi amene amawerama, n'kumapalira pamalo pamene apalira kale.