Tchipisi cha Anti

Anzanga, takhalani pansi kaye mumve. Ndikudziwa munazolowera Hawa wamacheza, wokutumizirani zoseketsa m'mawa musanasambe n'komwe, koma lero palibe choseka. Ndikulemba pa foni yomweyi, nde mukaona zolakwika musandiseke.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tinkakhala ku Kanyenda, ine ndi mng'ono wanga Patuma wa zaka zisanu. Amayi anali atamwalira, ndipo bambo, amene ankadula nzimbe ku Dwangwa n'kumabwera Loweruka lokha, anakwatira mkazi wa ku Dwambazi, aNyaChirwa. Azakhali athu, mlongo wawo wa bambo, nyumba yawo inali kuseri kwa yathu, ndipo tsiku loyamba lomwelo anatiitana n'kutiuza kuti, "Mayi wanu ali kumanda. Uyu muzingomuti anti." Basi tinkangoti anti.

Koma aise, anti ankaphika! Kwathu kuno mbatatesi sitilima, ife ndi chinangwa ndi mpunga, nde bambo akalandira malipiro ankabwera ndi kajumbo ka mbatatesi kuchokera kumsika wa ku Dwangwa. Anti anali ndi kafoni kosweka galasi, m'menemo anaonera vidiyo ya kaphikidwe kena kake. Osasenda ayi. Kungotsuka bwinobwino, kudula motalika ngati timabwato, kuwiritsa pang'ono, kukhetsa madzi. Kenako m'beseni: mchere, adyo wosinja, binzari, kambuzi pang'ono, ndimu kufinyira pamwamba. Ankandipatsa ine kuti ndisakanize ndi manja, zala n'kukhala zachikasu mpaka mawa lake. Poika m'chiwaya ankati, "Moto usathamange, Hawa. Ukathamanga kunja kumapsa, m'kati muli mwauwisi." Fungo lake linkafika mpaka kwa azakhali, koma iwo sanalaweko ngakhale kamodzi. Patuma ndi amene anachipatsa dzina chakudyacho. Cha pamsewu chinali tchipisi basi, koma ichi chinali tchipisi cha anti.

Tsiku lina pa tchuthi anti anapita kunyanja kukachapa, okha. Patuma anayamba kulira, akuti akufuna tchipisi cha anti. Mbatatesi munalibe m'nyumba. Koma pansi pa mtengo wa mango panali mulu wa chinangwa chimene anti anakumba m'mawa, choti achisende akachivike.

Inu a m'tauni ndikuuzeni. Chinangwa cha kondowole si manyokola amene mumatafuna pa depoti aja. Ichi n'chowawa, chili ndi poizoni, ndipo chimayenera kukhala m'madzi masiku angapo kuti ululu uchoke. Mwana aliyense wa kunyanja amadziwa zimenezi. Inenso ndinkadziwa, sindinama. Ndinasenda chimodzi, ndinaluma, kuwawa kwake mpaka ndinalavula. Koma nzeru za mwana eti, ndinati mafuta otentha apha kuwawako, kotsalako adyo ndi tsabola abisa. Ndinadula timabwato tanga tokongola. Kuwiritsa ndinadumpha, ndinkaopa kuti anti andipeza ndikumaliza mafuta awo. Kambuzi ndinathira wambiri, adyo mutu wonse, moto n'kukoleza wamphamvu. Kunja kunafiira bwino kwambiri.

Patuma anadya atakhala pamphasa, mamina ali chuchuchu.

"Hawa, chikuwawa."

"Ndi tsabola ameneyo, iwe. Idya."

Mawu amenewa ndimawamvabe mpaka lero. Tsabola amawawa, chinangwa chimawawa, liwu lake ndi limodzi, ndipo ine ndinasankha limene linandikomera. Ndinadya tiwiri tokha chifukwa ndinali wotanganidwa ndi chiwaya. Mbale yonse anamaliza ndi Patuma.

Sipanatenge nthawi yaitali, anati dziko likuzungulira. Kenako kusanza, kusanza, mpaka anafooka ngati nsalu yonyowa, maso atatembenuka. Anti anafika beseni la zochapa lili pamutu, analigwetsa pomwepo zovala n'kumwazika m'dothi. Anayang'ana Patuma, anayang'ana chiwaya, anayang'ana makoko a chinangwa, kenako anayang'ana ine. Anangomubereka mwanayo n'kuthamangira kumsewu kukaimitsa njinga yamoto. Ine ndi azakhali tinatsatira pa ina.

Kuchipatala anesi anati mwanayu wadya chinthu chapoizoni, ndipo tikanachedwa pang'ono tikanalira maliro. Patuma atatsegula maso, anesi anamufunsa kuti, "Wadya chiyani, mwanawe?"

Iye ndi kamawu kakang'ono anati, "Tchipisi cha anti."

Anzanga, mwanayo sananame. Anangotchula dzina la chakudya. Koma azakhali anaimirira n'kuomba m'manja. "Mwamvatu nonse! Ndinkanena ine! Chokani pafupi ndi mwana wa mchimwene wanga, mfiti inu!" Ine ndinali pakhomo la wodi, ndikumva zonse.

Anti anabwerera kunyumba. Ine nditafika madzulo ndinapeza makoko onse atatayidwa kudzala, chiwaya chitakwechedwa ndi mchenga mpaka mbee. Ankabisa mlandu wanga. Koma azakhali ataona chiwayacho m'mawa mwake anati, "Onani, wachotsa umboni."

Bambo anabwera asanadikire Loweruka. Anakhala pakhonde, maso ofiira, chikwanje chawo cha kuntchito chili pambali. Anandifunsa kamodzi kokha.

"Hawa, iwe unalipo. Anaphika ndani?"

Dzanja la bambo ndinkalidziwa. Koma chimene ndinkaopa kwambiri si chikwapu ayi, ndinkaopa kuti mudzi wonse uzindiloza kuti uyo anafuna kupha mng'ono wake. Ndinati, "Sindikudziwa, ndinali kosewera."

Anti anangoti, "Ine mwana sindinamupatse choipa." Basi. Dzina langa silinatuluke pakamwa pawo. Patuma palibe anamufunsanso kachiwiri, yankho limene ankalifuna anali nalo kale.

Patatha masiku atatu Patuma anatuluka m'chipatala, ndipo tsiku lomwelo anti anauzidwa kuti alongedze. Palibe anawaperekeza. Ine ndinawatsatira patali mpaka kumsewu waukulu, n'kubisala kuseri kwa kagolosale. Anandiona. Anandikodola, ndinapita. Ndinkaganiza kuti andimenya mbama, ndipo mwina zikanakhala bwino akanatero. Koma anangondikonza kolala ya diresi, n'kunena ndi Chichewa chawo chosakanikirana ndi Chitonga kuti, "Hawa, chinangwa chikawawa ndiye kuti chikuyankhula nawe. Usamachitseke pakamwa ndi tsabola." Minibasi inaima, kondakitala anaponya chikwama chawo kumbuyo, anapita.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti akunena za kuphika. Ndipo zoona, kuyambira tsiku limenelo chinthu chikandiwawa pa lilime sindithira kanthu, ndimataya. Koma papita zaka zisanu ndi zinayi tsopano, ndipo ndazindikira kuti chinthu chowawa kwambiri ndinachimeza ine, n'kumachithira nthabwala pamwamba tsiku ndi tsiku kuti chisamveke. Sichinachoke. Bodza silivikika ngati chinangwa, likakhalitsa m'pamene ululu wake umakula.

Bambo akalamba, akudwala bipi, ntchito anasiya. Mpaka lero nkhani ikafika pa akazi amati, "Ndinakwatirapo njoka ine, inatsala pang'ono kundiphera mwana." Patuma ali fomu wanu. Za tsikulo amangokumbukira singano ya diripi, zina zonse anazimva kwa azakhali, ndipo akamva dzina la anti amalavula.

Sabata yatha ndinakumana ndi mtsikana wina wa ku Dwambazi pamalo potchajitsa mafoni. Ndinamufunsa ngati amawadziwa aNyaChirwa amene anakwatiwapo ku Kanyenda. Anati, "Aja a poizoni aja?" Akuti sanakwatiwenso. Anayesa kugulitsa mandasi, anthu osagula. Pa maliro kapena pa ukwati amawapatsa ntchito yotunga madzi ndi kutola nkhuni, koma pafupi ndi miphika sawalola. Munthu wodziwa kuphika ngati ameneyo, aise.

Mtsikanayo anandipatsa nambala yawo. Uthenga ndalemba kasanu, kasanu konse ndafufuta. Kupepesa pa foni n'kosavuta, ndikudziwa, koma pepani wanga sangawabwezere pamiphika. Chimene chingawayeretse n'choti ndikhale pakhonde lija, pamaso pa bambo, azakhali ndi Patuma, ndinene kuti ndinaphika ndine, kenako tikwere minibasi tikanenenso ku Dwambazi anthu akumva. Bambo mwina mtima wawo sungapirire. Patuma mwina sadzandiyankhulanso.

Nde ndiuzeni anzanga, osandinyengerera. Mukanakhala inu, mukanayamba kugogoda khomo liti, la bambo kapena la anti?