Ndinamulanda Mkazi Wanga Dzina la Mwana Wathu

Ndine mphunzitsi wa Filozofiya pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Milange, ndipo ndikuvomera kuti maphunziro amene ndimadyera ndi omwe ndinapwetekera mkazi wanga. Sindinamumenye, sindinamuyende njomba. Ndinangomulanda dzina.

Inu owerenga, mwina Filozofiya simuidziwa. Ndi phunziro lofunsa mafunso amene ena amati ndi a anthu okhuta: moyo wabwino ndi uti, choonadi timachidziwa bwanji, imfa tiziiona motani. Mwa magulu onse a anzeru amene ndimaphunzitsa, awiri anandilowa m'magazi. Loyamba ndi la Asitoiki a ku Girisi wakale, amene ankati pali zinthu zimene zili m'manja mwako ndi zina zimene sizili m'manja mwako, ndipo kudandaula nazo zachiwirizi n'kudzizunza chabe. Linalo ndi la kum'mawa, ku India, limene limati kuvutika kwa munthu kumachokera pa kukakamira zinthu zosakhalitsa. Ndinkazilongosola pabolodi mpaka choko kutha, ana asukulu kukamwa yasa, ine mapewa m'mwamba.

Kenako malungo anatitengera Felista, mwana wathu mmodzi yekhayo, ali ndi zaka zitatu. Anayamba kudwala Lachiwiri, pofika Loweruka tinali kumanda, kwawo kwa mayi ake ku Mongue.

Pamaliro sindinagwetse msozi. Mumtima munali moto, koma ndinkadziuza kuti imfa siili m'manja mwanga. Ndinamva azimayi akunong'onezana kuti apulofesa, kunena ine mphunzitsi, mwina akudziwapo kanthu pa imfayi. Ndinangoti ndi umbuli.

Cholakwa chachikulu ndinachichita titabwerera kutauni. Chibadwire Felista, mkazi wanga ndinkamuitana kuti mayi a Felista, iye n'kumanditcha bambo a Felista. Tsopano ndinaona kuti ndikangotchula dzinalo, misozi inkalengeza m'maso mwake. Ndiye ndinaganiza ngati mphunzitsi, ndinati dzinali ndi limene likumumangirira pa chinthu chimene chapita. M'mawa wina akusesa pabwalo ndinamuitana kuti Rozina, dzina lake la pa chitupa. Tsache linaima. Anandiyang'ana, ine n'kuti mankhwala ayamba kugwira ntchito. Tinsapato ta mwana timene tinkakhala pazenera ndinatiika m'katoni pamwamba pa kabati. Akayamba kukamba za Felista, ndinkamudula n'kumupatsa phunziro la zinthu zosakhalitsa, ngati ali pa desiki.

Anapirira miyezi iwiri. Tsiku lina ndikuweruka kusukulu ndinapeza katundu wake atamangidwa kale pa njinga ya kabaza. Anandiuza motsitsa mawu kuti, "Bambo a Felista, ine mwana ndinamuika m'manda kamodzi. Inu mukumuika tsiku ndi tsiku. Ngati sindine mayi wa munthu m'nyumba muno, ndine ndani?" Anapita kwawo ku Mongue atafungatira katoni ija pamiyendo.

Ngakhale pamenepo mutu wanga unali wouma. Ndinati kuchoka kwake nakonso sikuli m'manja mwanga. Chinandithyola ndi ntchito yanga yomwe. Sabata yotsatira ndinayenera kuphunzitsa za anzeru akale a ku China, amene ankati munthu amakhala munthu chifukwa cha maubale ake, kuti mayina monga bambo, mayi ndi mwana si mawu chabe koma udindo, ndiponso kuti kulira maliro mwa mwambo ndi ulemu. Zaka zonsezi mutu umenewu ndinkaudutsa mothamanga, poti unkafanana kwambiri ndi za kumudzi ndipo sunkandimveketsa wophunzira. Tsikulo ndikulemba pabolodi mawu akuti bambo, dzanja linakana. Ndinatuluka m'kalasi n'kukalira kuseri kwa ofesi ngati kuti maliro achitika tsiku lomwelo.

Nditawawerenganso Asitoiki aja, ndinaona kuti nawonso ndinawanamizira. Imfa ya Felista sinali m'manja mwanga, zoona. Koma kukhala pafupi ndi mkazi wanga, kumumvetsera, kumuitana dzina lomuyenera, zonsezo zinali m'manja mwanga. A ku India aja nawonso chifundo amachiika patsogolo. Ine ndinangotola zondithandiza kuthawa ululu, n'kuzitcha nzeru. Manyazi anandigwira.

Loweruka ndinapalasa njinga mpaka ku Mongue. Atsibweni a mkazi wanga, amene ndi ankhoswe athu, anandifunsa funso limodzi lokha: "Senyoro pulofesa, mabuku mwasiya kunyumba?" Ndinati ndasiya. Koma mkazi wanga anakana kutuluka m'nyumba. Ulendo wachiwiri chimodzimodzi. Ulendo wachitatu ndinamupeza akupalira m'munda wa nandolo. Ndinaima m'malire a munda n'kuitana kuti, "Mayi a Felista." Khasu linaima, monga linaimira tsache lija. Asanatembenuke n'komwe, anati, "Ndili pano, bambo a Felista."

Inu owerenga, makamaka inu amene munapita kusukulu, nzeru za m'mabuku si zoipa, ndipo ndikuziphunzitsabe. Koma musamatolemo zokukomerani zokha. Mukaona kuti phunziro lina likukuumitsani mtima pamene mnzanu akulira, dziwani kuti mwaliwerenga theka. Wofedwa musamuphunzitse. Khalani naye pansi, ndipo dzina la amene wapitayo mulitchule.

Mpaka lero sanabwerere kunyumba, ndipo sindimukakamiza. Kubwera kwake sikuli m'manja mwanga, koma kupita kwanga kuli m'manja mwanga. Msewu wa ku Mongue kaya ukhale wa matope kaya wa fumbi, ndidzaupalasa mpaka tsiku limene tinsapato tija tidzabwerere pazenera. Mawa ndi Loweruka, matayala ndapopa kale.