Miyala Yopaka Njereza

Mwana wathu woyamba tinamusiya paphiri lina kufupi ndi Cuamba, nthawi ya nkhondo, tikuthawira ku Malawi. Anali asanayambe kuyenda. Anatsegula m'mimba ali kumsana kwanga, ndipo pofika pakati pa phiri anali atazizira. Bambo ake anakumba ndi chikwanje pansi pa mtengo wa msuku. Tinamukulunga m'chitenje changa, n'kuunjika miyala pamwamba kuti afisi asafukule. Anthu amene tinali nawo anatiletsa kulira mokweza.

Titabwerera kwathu tinakhazikika ku Mandimba. Amuna anga ankapita okha kukalambula pamandapo, ine mtima unkakana. Kenaka miyendo inawavuta, anasiya. Akudwala matenda awo omaliza anandiuza kuti, "Mayi, ine ndikapita palibenso wodziwa pamene pagona mwana uja. Mukafikeko." Anandilongosolera njira: kuwoloka kamtsinje, kukwera mpaka pathanthwe long'ambika, msuku uli kudzanja lamanja.

Nditavula zakuda za maliro, ndinakwera shapa, minibasi ya ku Cuamba, nditatenga kakhasu ndi tsache.

M'munsi mwa phiri ndinapeza mpanda wa waya ndi tinyumba ta alendo tofolera udzu bwinobwino. Anthu a m'tauni amagona mmenemo, kukacha n'kumakwera phiri kungoyenda basi. Mlonda wa pachipata, bambo wachikulire wachiyao, anayang'ana kakhasu kanga.

"Mayi, muno simulimidwa. Ngakhale nkhuni sitilola."

"Sindinadzere munda, bambo. Mwana wanga ali kumtundako."

Sanafunsenso. Anatseka chipata, anati tiyeni.

Njira inali yosesedwa, mbali zonse ziwiri atandandalika miyala yopaka njereza, yoyera mbuu. Tinakumana ndi alendo akutsika, mabotolo a madzi m'manja. Mtsikana wina anati, "Agogo, mukukakumba mbewa kumwambako? Mutisungireko!" Anzake anaseka. Sankadziwa kanthu, ndinawapatukira.

Kamtsinje tinakawoloka. Thanthwe long'ambika linalipo ndithu, monga ananenera malemu. Koma kudzanja lamanja kunali bwalo losalaza, benchi ya matabwa yokhalapo alendo poona chigwa, ndi zitsa za misuku zingapo. Mulu wa miyala panalibe.

Ndinazungulira chitsa chilichonse, ndinagwada, ndinapapasa dothi. Lonse linali lolimba chimodzimodzi.

"Panali miyala pano," ndinatero.

Mlonda uja anayang'ana miyala ya m'mbali mwa njira ija. Kenaka anati, "Pokonza njirayi tinkatola miyala paliponse. Milu inali yambiri kuno. Tinkayesa ndi ya alimi akale, ija amaunjika polambula munda."

"Inunso munatola nawo?"

"Ndinatola, mayi. Wopaka njereza ndinali ine."

Anavula kofia yake n'kuipinda m'manja. Sindinamukalipire. Ndinatsika pang'ono m'njira muja, ndikuyang'ana mwala umodziumodzi. Ina ndinaitembenuza. Kunsi kwake inali yakuda, ya chinyezi, yonse yofanana.

"Tengani umodzi, mukauike kwanu," anatero. "Abwana sangadziwe."

Ndinanyamuladi wina, wokwana m'manja awiri. Koma ndinakumbukira anthu amene tinathawa nawo. Si ife tokha tinakumba paphiri limenelo. Mwala umenewo ukanatha kukhala wa mwana wa mwini, kapena wa mayi ake a munthu. Ndinaubwezera pamalo pake.

Ndinafika ku Mandimba kukuda. Ana anga ena, obadwira ku Malawi, anandichingamira pakhomo, anafunsa ngati ndapapeza pamene pagona mkulu wawo. Ndinawauza kuti phiri lokha ndalipeza.