Buluu amene alimi a ku Wovwe anamukana

Ndinagwirapo ntchito pa kashopu kosindikiza mapepala pa boma la Karonga. Ntchito zambiri zinali makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro ndi makalata ofunsira ntchito. Mwini shopu ankakhalitsa ku Songwe kokaoda katundu, choncho mitundu ndi zilembo ndinkasankha ndekha pa kompyuta.

Tsiku lina kunabwera asibweni anga, achimwene awo a mayi, kuchokera ku Wovwe. Iwo anali mlembi wa gulu lina la alimi a mpunga. Gululo linali litatopa ndi kugulitsa mpunga m'zidebe kwa mavenda, ndiye linaganiza zoyamba kuulongedza m'timatumba ta pulasitiki n'kumakasiya m'magolosale. Chinkasowa ndi pepala lomata pa thumba. Asibweni anali atajambula kale maganizo awo kuseri kwa envulopu: dzuwa lofiira, munda wobiriwira, zilembo zachikasu ndi mlimi atasenza khasu paphewa.

Ndinawapangira zomwe ankafunazo, kenaka ndinapanganso lina la m'mutu mwanga. Ndinali nditaona kuti m'magolosale matumba ambiri ndi obiriwira kapena ofiira, moti wogula sasiyanitsa. Ine ndinasankha buluu wodera, wosawala, wonga mapiri a Nyika mvula ikamabwera. Ndinatha masana onse ndikumudetsa pang'onopang'ono, chifukwa woyambayo ankafanana ndi yunifolomu ya ana a pulayimale. Pamwamba pake ndinaika ngala imodzi ya mpunga ndi dzina la gulu m'zilembo zoyera, basi.

Asibweni ataona mapepala awiriwo anati sangagamule okha, ndikafotokoze ndekha ku komiti. Loweruka tinakwera minibasi.

Komiti inakumana pa khonde la chigayo chopunthira mpunga. Poti panali mlangizi wochokera kummwera, ndinafotokoza m'Chichewa. Ndinati mpunga woyera umaonekera bwino pambali pa mtundu wodera, ndiponso thumba lawo lidzasiyana ndi ena onse pa shelefu. Anthu anapatsirana mapepalawo, akunong'onezana m'Chitumbuka. Ambiri ankamwetulira akafika pa dzuwa la asibweni. Pa buluu ankangopatsira mnzawo msanga.

Kumapeto kwa benchi kunakhala mayi ena achikulire amene amuna awo anali atamwalira chaka chomwecho. Pepala litafika kwa iwo analigwira nthawi yaitali.

"Mwana wanga, uwu ndi mtundu wa nsalu yolirira maliro yomwe ndavula posachedwapa. Munthu angaphike mpunga wa m'thumba lamaliro?" anatero.

Mayiwo anatapa mpunga m'chidebe chomwe chinali pafupi, nauthira pa pepalapo, n'kuumwaza ndi chala. Mpungawo unawaladi. Koma panaonekanso misere yonse, timiyala tiwiri ndi mankhusu omwe m'chidebemo sankaoneka. Wapampando anasuzumira, nanena kuti mtundu umenewu subisa kanthu, ndipo anthu anaseka pang'ono.

Anaimika manja. Onse anasankha la asibweni, kupatula mlangizi yemwe analibe voti. Pondiperekeza ku msewu asibweni anandiuza kuti ndisakhumudwe, anthu a kumudzi amakonda zowala. Ndinawayankha kuti sindinakhumudwe, ndipo zinali zoona ndithu. Lolemba ndinasindikiza dzuwa lofiira lija, ndipo mpunga wawo unkayenda bwinobwino m'magolosale.

Patapita miyezi ingapo, mayi aja anatulukira pa shopu m'mawa, ali ndi chikwama chakuda m'khwapa. Sindinawazindikire mpaka atatchula Wovwe. Anati ana awo amanga chiliza cha bambo awo, ndipo akufuna mapulogalamu a tsiku lochivundukula. Anatulutsa chithunzi cha malemuwo atavala jekete, ndi pepala lolembapo nyimbo ndi mavesi.

"Mtundu uja ukadali nawo?" anafunsa.

Ndinati ulipo, sindinaufufute. Ndinautsegula, n'kuchotsa ngala ya mpunga ndi dzina la gulu, n'kuikapo chithunzicho. Mayiwo anakhala pa mpando pambali panga, akuyang'ana dzanja langa. Anangondikonza pamalo amodzi, pa kalembedwe ka dzina la mudzi wa amuna awo, lomwe ndinalilemba Chichewachewa.

Mtundu woterewu umadya inki kwambiri. Titatsala pang'ono kumaliza, makina anayamba kutulutsa mapepala otumbuluka, amizeremizere, ndipo inki ina munalibe m'shopu. Ndinawauza kuti adikire mwini shopu abwere nayo mawa lake. Iwo anakana, anati minibasi yamasana iwasiya. Anasankhula mapepala odera bwino n'kuwaika pawokha kuti akhale a abusa ndi achibale, otumbulukawo anati akagawira anthu akumbuyo. Ndinawakulungira zonse m'nyuzipepala yakale, ndipo ananyamuka kupita ku depoti.